NJIRA YACHIDULE IYENDE NDI KAUNDULA WAKE

Mphunzitsi wamkulu aliyense amene adakhalapo ndi kalasi lodontha amadziwa kuwawa kwa kudikira. Mphepo ikasasula malata kumayambiriro kwa dzinja, ana amaphunzira akunyowa, pamene makalata opempha kuti denga likonzedwe akungoyenda kuchoka pa tebulo ili kunka pa tebulo ilo. Nayenso kalaliki wosunga chuma cha boma amadziwa kuopsa kwa phuma. Ntchito ikaperekedwa mwamseri, popanda mpikisano, kawirikawiri imagwera mlamu wa wina, ndipo mtengo wake umakwera popanda wofunsa. Mavuto awiriwa ndi enieni, ndipo pothawa limodzi anthu amagwera m'linzake. Lero tikufuna tione mmene boma la California, ku Amereka, lidayesera kuwathetsa onse pamodzi, popeza tikhulupirira kuti muli phunziro kwa aliyense wogwira ndalama za anthu.

Malamulo a California amalamula kuti ntchito yomanga ya boma ikapitirira mtengo wakutiwakuti, ilengezedwe poyera, makontilakitala apereke mitengo yawo m'maenvulopu omata, ndipo ntchitoyo ipatsidwe kwa amene watchula mtengo wotsika mwa iwo amene angathedi kuigwira. Koma malire ake ndi otsika kwambiri. Kwa mizinda yambiri ndi madola 5,000, ndipo kwa mabungwe oyendetsa sukulu ndi madola 15,000. Ndalama zotere ku dziko lija sizimanga kanthu kooneka. Choncho ngakhale kantchito kakang'ono kamayenera kudutsa m'njira yaitali yofanana ndi yomangira nyumba yosanja.

M'chaka cha 1983 aphungu a California adakhazikitsa lamulo lotchedwa Uniform Public Construction Cost Accounting Act, limene lidatsegula njira ina. Lamuloli silikakamiza munthu. Khonsolo ya mzinda kapena bungwe loyendetsa sukulu limasankha lokha kulowamo, limagwirizana pa msonkhano wake, kenaka n'kudziwitsa mkulu woyang'anira mabuku a chuma cha boma la California. Likalowa, ntchito zake zimagawidwa m'magulu atatu molingana ndi mtengo. Malirewo amasinthidwa mitengo ya zinthu ikamakwera: mu 2019 adafika pa madola 60,000 ndi 200,000, ndipo pa 1 Januwale 2025 adakwezedwa kufika pa madola 75,000 ndi 220,000.

Potsata malire a 2025, ntchito yosapitirira madola 75,000 bungwe lingathe kuigwira ndi amisiri ake omwe, kapena kupangana mtengo ndi kontilakitala mmodzi popanda mpikisano. Ntchito yoposa pamenepo koma yosapitirira madola 220,000 imadzera mu mpikisano wachidule. Bungwe limasunga mndandanda wa makontilakitala oyenerera, wogawidwa malinga ndi mtundu wa ntchito zawo, ndipo ntchito ikapezeka limatumiza chidziwitso kwa onse a gulu loyenera, kapena ku manyuzipepala a za zomangamanga, kutatsala masiku osachepera 10 kuti mitengo iperekedwe. Ntchito yoposa madola 220,000 imatsata njira yonse yaitali, ndipo imalengezedwa m'nyuzipepala kutatsala masiku osachepera 14 kuti maenvulopu atsegulidwe.

Tikadalekera pomwepa, wina akadati lamuloli lidangomasula zingwe basi. Koma dzina lake lomwe likunena za kawerengedwe ka ndalama, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Bungwe lolandira ufulu wofulumira limalonjezanso kuti ntchito iliyonse imene ligwira ndi anthu ake lidzaiwerengera mtengo motsata njira imodzi yofanana ndi mabungwe ena onse olowa m'lamuloli. M'kaundula wa ntchitoyo muyenera kulowa malipiro a amisiri pamodzi ndi zina zonse zimene bungwe limawalipirira, monga penshoni ndi inshulansi. Muyenera kulowa mtengo wa simenti, matabwa ndi misomali, ngakhale zitachokera m'nyumba yosungiramo katundu ya bungwelo. Muyenera kulowa mtengo wogwiritsa ntchito lole ndi makina, ndiponso gawo la ndalama zoyendetsera ofesi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wantchito wa boma akamanena kuti anyamata ake angamange chipinda motchipa kuposa kontilakitala, nthawi zambiri amakhala atawerengera njerwa ndi malata okha. Malipiro a amisiri sawaona chifukwa amachokera m'thumba lina. Mafuta a galimoto sawaona chifukwa amalembedwa m'buku lina. Kapitawo amene watha milungu itatu pa ntchitoyo samuwerengera chifukwa amalandira pa mwezi. Kontilakitala sangabise zimenezi, pakuti akaziiwala ndiye kuti bizinesi yake yagwa. Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wooneka wotsika pa pepala ungathe kukhala wokwera ndithu zonse zikaphatikizidwa, ndipo wolipira ndi munthu yemweyo wokhoma msonkho. Kuwerengera kofanana ndiko kumachititsa kuti mtengo wa boma ndi wa kontilakitala uikidwe pa sikelo imodzi.

Aphungu aja adadziwanso kuti pamene pali malire pamakhala ofuna kuwazemba. Njira yodziwika kwambiri ndiyo kuduladula ntchito. Tiyerekeze kuti kufolera sukulu yonse kukufuna madola 150,000. Munthu wochenjera angathe kuigawa pawiri, gawo lililonse madola 75,000, kuti zonse zipite kwa bwenzi lake popanda mpikisano. Lamuloli limaletsa mchitidwe umenewu poyera. Njira ina ndiyo kutchula ntchito yomanga kuti ndi kungosamalira nyumba, popeza ntchito zosamalira za masiku onse sizilowa m'malirewa. Njira yachitatu ndiyo kukana mitengo yonse ya makontilakitala ndi kunena kuti amisiri a bungwe agwira motchipa. Kukana kotere n'kololedwa, koma kumafuna kuti mamembala anayi mwa asanu alionse a khonsolo avomereze, ndipo kaundula ayenera kuchitira umboni zimene anenazo.

Woyang'anira zonsezi ndi komiti ya mamembala 14 imene lamuloli lidakhazikitsa. Ena mwa iwo amaimira mizinda, maboma ang'onoang'ono ndi sukulu, ena amaimira makontilakitala, ndipo ena amaimira mabungwe a anthu apantchito. Kontilakitala amene akuona kuti bungwe lapitirira malire, kapena labisa ntchito yomanga m'dzina la kusamalira, angathe kukadandaula ku komitiyi, ndipo iyo imatsegula mabuku n'kuwaunika. Bungwe lopezeka lolakwa katatu m'zaka 10 limalandidwa ufulu wogwiritsa ntchito njira yachiduleyi kwa zaka 5. Chilango chimenechi n'chanzeru, chifukwa chimalanda chinthu chomwecho chimene wolakwayo adachigwiritsa ntchito molakwika.

Sitikunena kuti dongosololi lilibe zovuta. Ntchito ya madola 75,000 si yaing'ono, ndipo kuipereka popanda mpikisano kumasiya mpata wa kukondera. Mndandanda wa makontilakitala ukapanda kutsegulidwa kwa atsopano, ungathe kusanduka khola la anthu omwewomwewo. Ndiponso kulemba maola a mmisiri aliyense ndi ulendo uliwonse wa lole ndi ntchito yotopetsa kwa ofesi ya makalaliki ochepa. Madandaulo amenewa ndi omveka. Koma yankho lake ndi kuulula mabuku ndi kukonzanso mndandanda nthawi ndi nthawi. Kubwerera ku njira yodikiritsa ana pamvula sikungakhale yankho.

Ife sitikupempha kuti wina atenge manambala a California n'kuwabzala kwina, pakuti dziko lililonse lili ndi malamulo ake ogulira katundu ndi ntchito za boma, ndipo ndi amene ayenera kutsatidwa. Chimene tikuti titengepo ndi mfundo yake: wopatsidwa ufulu wofulumira asenzenso udindo wowerengera. Inu akuluakulu a maofesi, musanavomereze kuti ntchito igwiridwe ndi anthu anu, funsani ngati malipiro, mafuta ndi kutha kwa makina zawerengedwa. Mukaona ntchito ziwiri zofanana pa nyumba imodzi m'mwezi umodzi, funsani chifukwa chake zidagawidwa. Inu aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu, ngakhale ntchito ikhale ya chimbudzi chimodzi, funsani mitengo kwa amisiri angapo, lembani thumba lililonse la simenti ndi tsiku lililonse limene mmisiri wagwira, ndipo werengani kaundulayo pamaso pa makolo. Denga likonzedwe msanga, ndipo kholo lililonse lithe kuona kumene ndalama yake idapita.