Mawaya oongola mano a mwana: kodi inshuwalansi imalipila?

Makolo angapo a m'mipingo yathu ya ku Kanyama, Matero, Chawama ndi George akhala akutifunsa funso limodzi. Dokotala wawauza kuti mwana wawo afunika mawaya oongola mano, aja ochedwa braces, ndipo afuna kudziwa inshuwalansi yochipa imene ingalipile. Tikuyankha pano kuti onse apindule. Mwacidule, inshuwalansi yochipa siilipila kawili-kawili mawaya amenewa, conco banja licite bwino kufunsa mafunso oyenela lisanatulutse ngwee iliyonse.

Tiyambe ndi cithandizo ceni-ceni. Mawaya amakankha mano pang'ono-pang'ono mpaka afike pamalo pake. Nthawi zambili amaikidwa mwana akafika zaka pafupi-fupi 12, mano a ukulu atamela. Amakhala m'kamwa caka cimodzi ndi theka kapena zaka ziwili, ndipo mwana amabwelela kwa dokotala pakapita milungu 4 mpaka 8 kuti akawamange. Akawacotsa, mwana amavala kacipangizo kochedwa retainer kuti mano asabwelele mwakale. Ndiye cifukwa cake mtengo umakwela: tikulipila nchito ya zaka, pamodzi ndi X-ray komanso ndalama za basi.

Ambili a ife tili mu NHIMA, inshuwalansi ya boma imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018 ndipo inayamba kulandila zopeleka mu 2019. Wolembedwa nchito amadulidwa 1 pelesenti ya malipilo ake, bwana naye amaikapo 1 pelesenti. Ogulitsa pamsika ndi odzilemba okha angalembetsenso, ndipo ana osafika zaka 18 amalowa pa dzina la kholo. Pa za mano, NHIMA imathandiza pa zinthu monga kupima, kuzula ndi kumata dzino lobooka, koma siilipila cithandizo congokongoletsa thupi. Apa ndi pamene pagona nkhani, pakuti makampani a inshuwalansi m'maiko ambili amaika mawaya m'gulu la zokongoletsa, pokhapo dokotala atalemba kuti pali vuto la thanzi.

Motelo sitepe loyamba ndi kupimitsa. Yambani pa kiliniki ya kwanu, monga ya Mtendere kapena Kalingalinga, kapena pa mbali ya mano ya zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama. Vuto likakhala lalikulu, amatumiza ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Palinso sukulu ya za mano ku Thornpark. Funsani dokotala mosabisa: kodi mwanayu akulephela kutafuna, kutseka milomo kapena kulankhula bwino? Kodi mano akulasa nkhama? Ngati n'telo, pemphani kalata yofotokoza zimenezo, ndipo pitani nayo ku NHIMA kapena ku kampani yanu kukafunsa zimene angalipile. Ngati ndi maonekedwe cabe, funsaninso ngati kuyembekeza caka cimodzi kungawononge kanthu.

Ofuna inshuwalansi ya kampani, kaya ya kunchito kapena yogula okha, afunse zinthu zinayi ndipo mayankho alembedwe papepala. Coyamba, kodi mawaya achulidwa ndi dzina pa zimene amalipila, kapena angolemba kuti za mano? Caciwili, kodi malile a ndalama za mano pa caka ndi angati? Cacitatu, kodi tiyenela kuyembekeza miyezi ingati tisanayambe kuthandizidwa? Cacinayi, kodi amalipila vuto limene linalipo tisanalembetse? Kenako wonkhetsani zopeleka za zaka ziwili, muyelekeze ndi zimene kampaniyo idzabweza. Mukapeza kuti mudzapeleka zambili kuposa zimene mudzalandila pa mawayawo, ndiye kuti inshuwalansiyo si yochipa. Onaninso ngati kampaniyo ili ndi cilolezo ca Pensions and Insurance Authority.

Inshuwalansi ikakana, njila zilipo. Pitani kwa madokotala awili kapena atatu, aliyense alembe mtengo wonse, kuphatikizapo retainer ndi kukonza waya ukaduka. Popeza nchitoyi ndi ya miyezi yambili, pemphani kulipila pang'ono-pang'ono mwezi ndi mwezi. Cilimba kapena gulu la village banking lingathandize kupeza ndalama yoyambila. Koma tikupemphani, pewani kaloba: ciwongoladzanja cake cimatha ndalama za lendi ndi za sukulu mawaya akali m'kamwa. Pewaninso aliyense woika mawaya mochipa m'nyumba kapena m'saluni. Woyenela kugwila nchitoyi ndi wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuona cikalata cake. Mawaya oikidwa molakwika amagwedeza mano ndi kuwononga nkhama.

Ambuye Yesu, pa Luka 14, anaphunzitsa za kuwelengela mtengo munthu asanayambe kumanga. N'cimodzimodzi pano, pakuti kusiyila pakati kumataya ndalama ndipo mano angabwelele mwakale. Tisaiwalenso mwanayo. Wacinyamata amene anzake amamuseka kusukulu amafika poleka kumwetulila, ena amacoka ndi mu kwaya momwe. Makolo, mufotokozeleni dongosolo limene mwapanga ndi nthawi imene lidzatenga. Atsogoleli a acinyamata, letsani maina onyoza m'magulu athu. Banja limene lasowa poyambila lionane ndi akulu a mpingo wawo, kuti tione pamodzi cimene tingacite.

Mtendele wa Ambuye ukhale nanu nonse.