Galimoto Ikafera Panjira ya ku Mzuzu, Mbewu Nazo Zimafera Pomwepo

Inu alimi anzathu a m'boma la Nkhata Bay, ntchito ya ulimi sithera pa kukolola ayi. Imatha pamene mbewu zafika pa sikelo zili zabwino ndipo ndalama zalowa m'thumba. Pakati pa munda ndi sikelo pali galimoto. Ena mwa inu muli nayo yanuyanu, ena munasonkherana pa kalabu, koma ambiri mumachita hayala. Nkhani ino ndi ya nonsenu, pakuti galimoto ikafera panjira amene amataya kwambiri ndi mwini katundu.

Mwa zinthu zimene zimagonetsa galimoto m'misewu yathu muli ziwiri izi: magetsi a injini ndi magiya. Zonse ziwirizi zimayamba zachenjeza zisanafe, ndipo ntchito yambiri yozisamala mungathe kuigwira nokha pakhomo panu mbewu zisanache.

Dera lathu ndi lovuta kwa galimoto

Tauni ya Nkhata Bay ili m'mphepete mwa nyanja, pa malo okwera mamita pafupifupi 475, pamene mzinda wa Mzuzu uli pa mamita opitirira 1,200. Choncho galimoto yochoka pa doko pamene imakocheza Ilala, kudzera pa Mkondezi ndi pa Mpamba mu msewu wa M5, imakwera mamita opitirira 700 pa ulendo wa makilomita pafupifupi 47 okha. Pobwerera imatsika mtunda womwewo. Kuwonjezera apo, boma lathu ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo imagwabe mu Epulo ndi Meyi pamene kwina inaleka kale. Chinyezi chimadya mawaya, zitunda zimadya kilatchi.

Mbewu zathu nazo sizidikira. Chinangwa chachiwisi chimayamba kuda m'kati pakapita masiku awiri kapena atatu chikumbireni. Nthochi zikakhala padzuwa tsiku lonse zimapsa nthawi imodzi, ndipo wogula amatchula mtengo umene akufuna. Masamba a tiyi, monga a ku Kawalazi, ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo athyoledwa. Mpunga wa ku Limphasa ukanyowa m'matumba sulowanso giledi yoyamba.

Yambani ndi batire

Batire ya galimoto yaing'ono ndi ya mavolti 12 ndipo ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Ngati ili ndi zitsekero, tsegulani kamodzi pa sabata ndi kuona madzi. Madziwo aphimbe zitsulo za m'kati ndi kupitirira ngati sentimita imodzi. Akachepa, thirani madzi a batire ogula m'botolo basi. Madzi a m'nyanja, a pa mjigo kapena a pachitsime ali ndi mchere umene umapha batire pang'onopang'ono. Asidi musawonjezere, pakuti chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo.

Mukaona zoyera ngati phulusa pa mitu ya batire, dziwani kuti moto sukudutsa bwino. Masulani waya wa chizindikiro cha minasi poyamba, kenaka wa pulasi. Sungunulani soda, yemweyu amayi amaphikira therere, m'madzi ofunda ndipo mutsukire mituyo, koma samalani kuti sodayo asalowe m'zipinda. Pukutani, bwezerani waya wa pulasi poyamba ndi wa minasi pomaliza, mangani zolimba, kenaka pakani girizi pang'ono pamwamba. Batireyo ikhale yomangidwa ndi chitsulo chake. Batire yongokhazika imaphwanyika m'kati ndi mabampu a msewu wa ku Usisya.

Batire imatulutsa mpweya woyaka. Musayatse machesi kapena kusuta fodya pafupi nayo, ndipo asidi akakudontherani m'maso, sambani ndi madzi ambiri ndi kuthamangira kuchipatala.

Kamita koyezera magetsi ndi kotsika mtengo kuposa batire yatsopano, ndipo kalabu ingathe kugula kamodzi. Batire yodzaza imene yagona usiku imaonetsa mavolti 12.6. Ikaonetsa 12.2 ndiye kuti yatsala ndi theka la mphamvu yake. Injini ikamalira, kamitako kaonetse pakati pa 13.8 ndi 14.5. Kakaonetsa pansi pa 13, alternator, amene ndi makina obwezera moto mu batire, sakugwira ntchito yake, ndipo kugula batire ina ndi kutaya ndalama chabe.

Lamba, mawaya ndi mafyuzi

Alternator amazungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini. Injini ili chozima, dinikizani lambayo ndi chala chachikulu pakati pake. Alowe ngati sentimita imodzi. Akalowa kwambiri, amaterereka ndipo amalira polizitsa injini m'mawa. Akakhala ndi ming'alu, sinthani, ndipo wina watsopano azikhala kuseri kwa mpando nthawi zonse. Pa galimoto zambiri lamba yemweyo ndi amene amayendetsa pampu ya madzi, motero akaduka pa chitunda injini imatentha m'mphindi zochepa.

Pali chizolowezi choipa chochotsa waya pa batire injini ili kulira, ati pofuna kuona ngati ikutchaja. Zimenezi zinkachitika pa galimoto zakale za dainamo. Pa galimoto ya alternator mungathe kumupsereza, ndipo pa galimoto zatsopano mungapsereze ndi kompyuta ya injini yomwe.

Mukakhotetsa kiyi n'kumva "tha" koma injini osatembenuka, musafulumire kunena kuti sitata yafa. Yatsani nyale zakutsogolo ndipo muyesenso. Nyale zikazimirira, vuto lili pa batire kapena pa mitu yake. Onaninso waya wonenepa wochokera pa minasi kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Kuno kunyanja malo amenewa amachita dzimbiri msanga. Masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo mumangenso.

Fyuzi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo afunidwe mpaka apezeke. Kuika kachidutswa ka waya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi ndiko kuitana moto. Kumbukiraninso kuti galimoto yonyamula mpunga ndi chimanga imakoka makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya. Sesani nseketo zonse mukatsitsa katundu.

Mapulagi ndi mapointi

Pa injini ya petulo, masulani mapulagi imodzi imodzi injini itazizira ndipo muone nsonga zake. Nsonga ya maonekedwe a tiyi wamkaka ndiyo yabwino. Yakuda ndi mwaye ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Yonyowa ndi oyilo ikusonyeza kuti injini yatha m'kati. Mpata wa pa nsonga pa injini zambiri zakale ndi mamilimita 0.7 mpaka 0.8, koma tsatani buku la galimoto yanu. Poika, yambani kupota ndi dzanja, sipanala ibwere pomaliza.

Galimoto zakale zili ndi distributor, amene amagawa moto ku mapulagi. M'kati mwake muli mapointi amene mpata wake ndi pafupifupi mamilimita 0.45. Galimoto ikakana kulira m'mawa wa mvula, tsegulani chipewa cha distributor ndipo mupukute m'kati ndi kansalu kouma. Nthawi zambiri vuto limakhala chinyezi chokhacho. Galimoto zatsopano zilibe mapointi, ndipo bokosi la kompyuta yake si lotsegula ndi sikuludiraiva pansi pa mtengo. Safunsa anadya phula: pitani kwa makaniko amene ali ndi makina oyezera.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto koma ili ndi mahita otenthetsa m'kati polizitsa. Dikirani kanyale kake kazime musanakhotetse kiyi. Ikamavuta kulira m'mawa wozizira wa ku Mzuzu ndi kutulutsa utsi woyera, kayezetseni mahitawo. Sitata musaigwire kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi.

Oyilo wa m'giyabokosi

Ambiri amasintha oyilo wa injini koma giyabokosi amaiiwala mpaka italira. Imikani galimoto pa malo athyathyathya, kokani handibuleki ndi kuika miyala ku matayala. Musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yekha. Pa mbali pa giyabokosi pali chitsekero chothirira, ndipo pansi pali chokhuthulira. Oyilo ayenera kufika pa khomo la chothirira, moti mukapisa chala mumukhudze.

Posintha, masulani chothirira poyamba. Mukayamba ndi cha pansi kenaka n'kupeza kuti cha pamwamba chakana, mwatsala ndi giyabokosi youma. Pa chitsekero cha pansi nthawi zambiri pamakhala maginito. Tizitsulo tonga ufa si todetsa nkhawa, koma tizidutswa tonga mpunga tikusonyeza kuti mano a magiya akubenthuka. Thirani oyilo wa magiya, monga wa nambala 80W-90 kapena 75W-90. Magiyabokosi ambiri amafuna wa GL-4, choncho werengani buku lanu ndi chigubu chomwe musanalipire. Galimoto ya m'misewu yathu isinthidwe oyilo ameneyu pa makilomita 40,000 aliwonse, pamodzi ndi wa mu difu.

Mukawoloka mtsinje wodzaza, onani oyilo tsiku lomwelo. Giyabokosi ndi difu zili ndi kabowo kopumira pamwamba, ndipo zikalowa m'madzi zili zotentha zimayamwa madziwo. Oyilo wooneka ngati mkaka ali ndi madzi, ndipo akhuthulidwe msanga.

Kilatchi ndi kayendetsedwe

Dinikizani chopondera cha kilatchi ndi dzanja. Chiyenera kuyenda chopepuka pang'ono chisanayambe kulimba, ngati sentimita imodzi kapena awiri pa galimoto zambiri. Mpata umenewu ukasowa, kilatchi imaterereka ndi kupsa. Ukachuluka, magiya amakukuta polowa. Ngati kilatchi yanu ndi ya mafuta, kabotolo kake kamafuna mafuta a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi, motero asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo oyilo wa injini asalowemo ngakhale dontho.

Pofuna kudziwa ngati kilatchi ikadali ndi moyo, imani pa malo opanda anthu kutsogolo, kokani handibuleki, ikani giya ya chitatu ndi kutulutsa kilatchi pang'onopang'ono. Injini izime. Ikapitiriza kulira, kilatchiyo yatha ndipo sikwera nayo Mzuzu ndi katundu.

Kilatchi zambiri zimaphedwa ndi phazi la dalaivala ndiponso umbombo wa katundu. Galimoto ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a makilogalamu 50, osati matumba 30 ndi anthu pamwamba. Phazi lisagone pa kilatchi poyenda. Mukaima pa chitunda, gwirani galimoto ndi handibuleki, osati ndi kilatchi. Sinthani giya chitunda chisanakuleme, ndipo mukatitimira m'matope, tsitsani katundu ndi kuika nthambi pansi pa matayala m'malo mobangulitsa injini.

Potsika kuchokera ku Mzuzu, tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera malo amenewo. Madalaivala ena amachotsa giya kapena kuzimitsa injini pa mtsetse, ati kupulumutsa mafuta. Apo katundu yense amatsamira pa mabuleki okha, ndipo mabuleki akatentha amaleka kugwira. Injini ikazima, mabuleki ndi chiwongolero cha galimoto zambiri zimalimba. Petulo wopulumutsidwa motero sangagule moyo wa munthu. Kuthamanga sikufika.

Inu amene mumachita hayala

Simungatsegule giyabokosi ya mwini wake, koma maso ndi makutu muli nawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti yowala isakunyengeni. Musanakweze thumba ngakhale limodzi, pemphani adalaivala kuti azimitse injini ndi kuilizanso inu mukuona. Galimoto yoimikidwa pa mtsetse dala, kapena yofuna anyamata okankha, idzakuvutani ikazima pa chitunda. Onani ngati kanyale kofiira ka batire kazima injini italira. Suzumirani pansi ngati pali oyilo wodontha. Nyale ziyake zonse, ndipo pa galasi pakhale chiphaso cha COF cha a Road Traffic chimene masiku ake sanathe.

Pangananinso pamaso pa mboni za chimene chidzachitike galimoto ikafera panjira: ndani adzafune ina, ndipo ndani adzalipire. Chinangwa musakumbe ndipo nthochi musadule galimoto isanatsimikizike.

Chitani izi mbewu zisanache

Nyengo ya misika ikayamba, amakaniko a pa Nkhata Bay ndi ku Mzuzu amapanikizika ndipo zipangizo zimasowa. Choncho patulani tsiku limodzi mwezi wathunthu kukolola kusanayambe, muone batire, lamba, mawaya, mapulagi, oyilo wa magiya ndi kilatchi. Lembani m'kope tsiku, makilomita ndi ntchito imene yagwiridwa. M'galimoto muzikhala masipanala, mafyuzi, lamba, tepi ya magetsi, tochi, botolo la madzi a batire ndi tenti yofunditsira katundu.

Makalabu amene ali ndi galimoto asankhe munthu mmodzi wosunga kope limeneli, ndipo pa ulendo uliwonse azipatula kandalama ka zokonzera. Pa msonkhano wa kalabu umene ukubwerawu, tengani tsamba lino ndipo mukaliwerenge pamodzi ndi adalaivala anu ndi alangizi a m'dera lanu, galimotoyo ili pomwepo boneti itatsegulidwa.