Facebook ndi yaulere, nanga ndalama zake zimachokera kuti?

Tiyerekeze kuti Lachisanu madzulo mwabwereka foni ya achemwali anu n'kufufuza mtengo wa nsapato zosewerera mpira. Simunagule, mwangoyang'ana basi. Loweruka m'mawa achemwaliwo akutsegula Facebook, nsapato zija ndi izi, zili pakati pa zithunzi za anzawo. Ena akaona zotere amati ndi ufiti. Ayi ndithu, ndi masamu komanso malonda. Lero tiona momwe zimachitikira, komanso chimene zikutanthauza kwa wogulitsa ndi kwa inu amene mwagwira foni.

Intaneti yakale inali yongowerenga

Mu 1989 wasayansi wa ku Britain, Tim Berners-Lee, akugwira ntchito ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, anakonza njira yolumikizira masamba a pa kompyuta, imene lero timaitcha World Wide Web. M'zaka zoyambirira, masamba ambiri anali ngati bolodi la zidziwitso la pasukulu: ahedi akhoma chikalata, inu muwerenga n'kumapita. Kuti munthu alembepo zake, anafunika kudziwa kalembedwe ka makompyuta.

Zinthu zinasintha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kunabwera masamba amene aliyense angathe kulembapo, kuikapo chithunzi ndi kuyankha mnzake. Facebook inayamba mu 2004, YouTube mu 2005, Twitter mu 2006, WhatsApp mu 2009, Instagram mu 2010. Akatswiri anatcha kusinthaku Web 2.0. Bolodi lija linasanduka bwalo, aliyense wabwera ndi choko chake.

Apa pali mfundo yofunika kuigwira. Kampani ya Facebook siilemba nkhani zimene mumawerengazo, siijambulanso zithunzizo. Olemba ndi ojambula ndife tomwe, ndipo ambirife sitilandira kalikonse.

Ndani akulipira?

Mwina muti, "Ife timagula bandulo, ndiye yaulere pati?" Zoona, koma ndalama ya bandulo imapita ku kampani ya mafoni imene imakunyamulirani uthenga. Eni tsamba sanakulipiritseni potsegula akaunti. Chonsecho ali ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, zodya magetsi usana ndi usiku.

Amene amalipira ndi otsatsa malonda. Mu 2023 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, inapeza madola pafupifupi 135 biliyoni, ndipo pa madola 100 aliwonse, oposa 97 anachokera kwa otsatsa malonda. Otsatsawo amagula chiyani? Amagula mpata woti muwaone. Mukakhalitsa pa tsambalo, mumaona malonda ambiri, ndipo kampani imapeza zambiri. Ndiye kuti nthawi yanu ndi imene ili pamsika.

Makina amene amakusankhirani zoona

Ngati muli ndi anzanu mazana angapo komanso muli m'magulu osiyanasiyana, zimene aika patsiku n'zochuluka moti simungazione zonse. Wina ayenera kusankha choyamba ndi chotsiriza. Wosankhayo ndi algorithm, kutanthauza mndandanda wa malangizo amene kompyuta imatsatira, monga mmene inu mumatsatira masitepe pothetsa samu ya long division.

Makinawa amasunga zizindikiro zing'onozing'ono: mwalaika chiyani, mwasheya chiyani, mwalemba ndemanga pati, kanema uti mwamuonera mpaka pamapeto, ndi uti mwamudumpha msanga. Ngakhale kungoima pa chithunzi kwa masekondi angapo ndi chizindikiro. Kuchokera pamenepo amalosera kuti pa zinthu zimene zilipo, ndi chiti chingakugwireni mtima.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Pali kanema wa zigoli za mpira ndi kanema wophunzitsa photosynthesis. Mlungu watha munaonera makanema 8 mwa 10 a mpira mpaka pamapeto, koma a sayansi 2 okha mwa 10. Makina apatsa wa mpira mwayi wa 0.8, wa sayansi 0.2. Wa mpira abwera pamwamba. Mukamuonera, mwawatsimikizira kuti analosera bwino, ndipo mawa akupatsani ena ochuluka. Izi zimangozungulira choncho. Makinawo sadziwa kuti Lolemba muli ndi mayeso a Biology. Chimene akuwerengera ndi chakuti mukhalebe pomwepo.

Okushoni ya m'kuphethira kwa diso

Nanga nsapato zija zinakutsatirani bwanji? Masitolo ambiri a pa intaneti amaika pa masamba awo kachidutswa ka pulogalamu kotchedwa pixel. Mukafika pa tsamba la sitoloyo, kameneka kamadziwitsa Meta kuti foni iyi yayang'ana katundu uyu. Kenako mwini sitolo amapempha kuti malonda ake aonetsedwe kwa anthu amene anayang'anapo kale.

Koma iye sali yekha. Nthawi iliyonse pakapezeka malo a malonda pa foni yanu, pamachitika mpikisano wofanana ndi okushoni ya fodya ku Kanengo, kungoti uwu umatha musanaphethire. Makina amayang'ana ndalama zimene wotsatsa aliyense walonjeza, mwayi woti inuyo mungadine malondawo, ndi ubwino wa malondawo. Wopambana ndiye amaonekera. Pa wailesi, uthenga wa malonda umamveka kwa aliyense, agogo ndi mwana yemwe. Apa wogulitsa amatha kusankha mzinda, zaka za anthu ndi zimene amakonda.

Wageni wapindula, koma malo ndi a eni

Kwa wochita bizinesi yaing'ono, uwu ndi mwayi umene makolo athu analibe. Mayi wogulitsa zitenje kapena kaunjika safunikanso kuchita lendi shopu m'tauni. Amajambula katundu, n'kuika pa sitetasi ya WhatsApp, wogula n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza n'kukapereka. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna: amene waonetsa katundu wake ndiye amagulitsa.

Wogula nayenso wapeza pakamwa. Kale, telala akakuonongerani nsalu, mumadandaulira anthu a m'nyumba mwanu ndi oyandikana nawo. Lero ndemanga imodzi ingafike kwa anthu masauzande. Izi zimakakamiza ogulitsa kuchita zinthu mwachilungamo. Koma mpeni womwewo umachekanso wosalakwa, chifukwa bodza la wopikisana naye lingagwetse bizinesi imene munthu waimanga kwa zaka.

Vuto lina ndi lakuti wogulitsayo akuchitira malonda pakhomo pa eni. Eni ake akasintha algorithm, anthu oona katundu wake angachepe iye osalakwa kanthu. Akauntiyo ikatsekedwa kapena kubedwa, makasitomala onse apita nayo. Pa 4 October 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima dziko lonse kwa maola pafupifupi 6 chifukwa cha cholakwika chimene chinachitika pokonza makina a kampaniyo. Amene malonda awo onse anali pamenepo anangogwira njakata. N'chifukwa chake wamalonda wochenjera amasunganso manambala a makasitomala ake kwina, ngakhale m'kope wamba.

Inuyo mumalipira ndi chiyani?

Choyamba ndi nthawi. Tsamba la mchezo lilibe mapeto ngati buku. Mukakankha ndi chala, pansi pamatulukanso zina, ndipo simudziwa ngati chotsatiracho chikhale chosangalatsa kapena ayi. Kusadziwako n'kumene kumakupangitsani kunena kuti "kamodzi kokha aka", mpaka tambala kulira.

Chachiwiri ndi mbiri yanu. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri za anthu ofika mwina 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri a iwo osadziwa, ndipo kampaniyo inkagwira ntchito za kampeni ya ndale. Chiyambi chake chinali kapulogalamu ka mafunso oyeza khalidwe la munthu. Chaka chotsatira, bungwe la boma la America loteteza ogula linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni.

Chachitatu ndi choonadi. Mu 2018 momwemo, ofufuza a ku yunivesite ya MIT anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku wa nkhani zimene zinafala pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifikire anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza. Anapezanso kuti ofalitsa kwambiri mabodzawo anali anthu enieni, osati maloboti. Bodza limakhala lachilendo ndi lodzidzimutsa, choncho chala chimathamangira kusheya mutu usanaganize. Dziwaninso kuti kuno ku Malawi kuli lamulo la mu 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti.

Kayeseni nokha

Sayansi imafuna umboni, choncho musangokhulupirira zimene mwawerengazi. Pemphani chilolezo kwa mwini foni, ndipo chitani izi. Tsiku loyamba werengani zinthu 20 zoyambirira zimene tsamba lakuonetsani, n'kulemba m'kope kuti zingati ndi malonda, zingati ndi za anzanu, zingati ndi za anthu osawadziwa. Kenako kwa masiku atatu fufuzani ndi kuonera mpaka pamapeto makanema a mutu umodzi wokha, tinene ulimi wa tomato. Tsiku lachisanu werenganinso zinthu 20, mufananize ndi za tsiku loyamba. Pa malonda aliwonse, dinani timadontho titatu ta pakona, musankhe pamene alemba kuti "Why am I seeing this ad?", muone zimene makinawo akuganiza za inu.

Mukaona tomato atadzaza pa foni, mudzadziwa kuti makinawo amaphunzira kwa inu, ndipo mungathe kuwaphunzitsa zimene mukufuna. Bweretsani manambala anuwo kukalasi mufananize ndi a anzanu.