Tizilombo Tosamva Mankhwala M'zipinda za Makanda

Khanda lobadwa masiku asanakwane limafika m'chipinda cha makanda lili lofooka, losatha n'kuyamwa komwe. Anamwino amaliika kachubu mumtsempha kuti madzi ndi mankhwala zizidzera m'menemo. Kachubu kameneka kamapulumutsa moyo, koma ndi khomonso limene tizilombo timaloŵera m'magazi. Pakapita masiku angapo thupi la mwana limatentha kapena kuzizira kwambiri, kenaka amayamba kubanika. Matenda ameneŵa sanabwere nawo. Wawapeza m'chipatala momwemo.

Kachilombo kamene kamasautsa kwambiri m'zipinda zotere ndi Klebsiella. Kamakhala m'matumbo mwa anthu ndi m'malo onyoŵa monga m'masinki, ndipo kamayenda pamanja ndi pazipangizo. Tsono pamene makanda aŵiri agonekedwa pakabedi kamodzi, mpopi wauma, ndipo namwino mmodzi akuthamangira ana ambirimbiri, kachilomboka sikasoŵa njira. Kuloza chala namwinoyo n'kulakwa, pakuti munthu sangasambe m'manja popanda madzi.

Kale dotolo ankabaya mwana wotere jakisoni, nachira. Lero zinthu zinasintha. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, akatswiri anayamba kusunga zotsatira za magazi a odwala, akulu ndi ana omwe, m'chaka cha 1998. Zimene anafalitsa mu 2017 n'zoumitsa thupi. Mu 2003, mwa tizilombo ta Klebsiella 100 topezeka m'magazi, pafupifupi 12 ndito sitinkamva mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 tosamvato tinali titafika 90. Chonsecho ceftriaxone ndi amene zipatala za m'Malaŵi zimadalira kwambiri pa matenda aakulu.

Kodi kusamvaku kumadza bwanji? Mankhwala akaperekedwa amapha tizilombo tofooka, koma timene tili ndi mphamvu yoswa mankhwalawo timatsala, n'kuswana popanda wopikisana nato. Chodabwitsa n'chakuti timatha kupatsirana mphamvuyo ngakhale ndi tizilombo ta mtundu wina. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjezeratu mu 1945 kuti kumwa mankhwala operewera kudzazoloŵeretsa tizilombo. Munthu wogula makapisozi aŵiri pamsika chifukwa cha chimfine, chimene makapisozi sachiza n'komwe, akuchita zomwezo, ngakhale sanaloŵepo m'chipinda cha makanda.

Mankhwala amene angagonjetsebe Klebsiella wotere, monga meropenem, ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Pamenepo chotsala ndi kutseka khomo tizilombo tisanaloŵe: kuchotsa kachubu msanga ntchito yake ikatha, kupatsa mwana mkaka wa mai ake, ndi kusamba m'manja asanagwire mwana aliyense. Zakusambazi si zalero. Mu 1847 dotolo Ignaz Semmelweis analamula ophunzira ake ku Vienna kuti azisamba ndi madzi a klorini asanagwire amai oyembekezera, ndipo imfa zinachepa m'miyezi yoŵerengeka. Madotolo ambiri a nthaŵi imeneyo anakana kumumvera.