Kope lomwe ophunzira amalemba usiku woti mawa likaperekedwe

Sabata yomaliza ya teremu ikafika, m'makoleji a zauphunzitsi ndi a zaunamwino simusowa wophunzira amene akudzaza kope lathunthu usiku umodzi, uku akusinthasintha mabolopeni kuti zioneke ngati ankalemba masiku osiyanasiyana. Kope lake ndi lija aphunzitsi amalitcha reflective journal, momwe wophunzira amayenera kulemba zimene wakumana nazo ndi zimene waphunzirapo. Ife amene ntchito yathu ndi kusula aphunzitsi timazindikira msanga. Tsamba lililonse limanena chimodzimodzi: phunziro linayenda bwino, ana anamvetsa, koma nthawi inachepa.

Ambiri mwa ophunzirawa si aulesi. Anangouzidwa kuti azilemba, osauzidwa choti azilemba.

John Dewey, katswiri wa maphunziro wa ku America, anafotokoza m'buku lake la 1910 lotchedwa How We Think kuti munthu amayamba kuganiza mozama akakumana ndi chinthu chomuimitsa mutu. Mu 1983 Donald Schön wa ku MIT anapitiriza mfundoyi ataona momwe akatswiri a ntchito zosiyanasiyana amagwirira ntchito zawo. Iye anasiyanitsa kulingalira komwe munthu amachita ali m'kati mwa ntchito ndi komwe amachita ntchitoyo itatha. Kope lija ndi la kulingalira kwachiwiriku, ndipo chofunika kulowamo ndi chinthu chimodzi chimene sichinayende monga mwini wake ankayembekezera. Kulemba kuti munadzuka, munasamba, munapita kukalasi, n'kungotha inki.

Njira yomwe ndimayambira nayo pophunzitsa ndi ya mafunso atatu a Terry Borton, mphunzitsi wa ku America, amene anawafalitsa mu 1970, ndipo John Driscoll anawakonzanso mu 1994 kuti athandize anamwino ku Britain. Chachitika n'chiyani? Nanga chikutanthauza chiyani? Tsono ndichita chiyani?

Tiyerekeze wophunzira wa maphunziro a IPTE amene watumizidwa kukayeserera kuphunzitsa pasukulu ya kumudzi. Wapatsidwa masamu a ana aang'ono, ndipo lero waphunzitsa kuchotsera kofuna kubwereka. Akalemba mwachizolowezi, alemba kuti ana ena sanamvetse ndipo adzabwerezanso. Akatsata mafunso atatu aja, tsamba lake lisintha. Pa funso loyamba alemba zimene waona ndi maso: pa samu ya 52 kuchotsera 17, ana ambiri a mizere ya kumbuyo alemba 45 m'malo mwa 35. Pa lachiwiri akhala pansi n'kufufuza komwe 45 wachokera, ndipo apeza kuti anawo achotsa 2 mu 7 n'kupeza 5, kenako 1 mu 5 n'kupeza 4. Sanalembe mwachisawawa. Akutsata lamulo lawolawo loti nambala yaing'ono imachotsedwa mu yaikulu, kaya ili pamwamba kaya pansi. Pa lachitatu alemba kuti mawa sayambira pabolodi. Abwera ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumi khumi, ndipo mwana amasule yekha mtolo umodzi kuti aone komwe khumi wobwerekayo amachokera.

Zonsezi sizidzaza ndi theka la tsamba lomwe. Koma mphunzitsi wachinyamatayu akangobwereza phunziro lija monga analiphunzitsira, mokweza mawu pang'ono, ana aja adzalembanso 45.

M'makoleji ambiri njira yotchuka ndi ya Graham Gibbs ya mu 1988, yokhala ndi magawo 6: kufotokoza zomwe zachitika, momwe munamvera mumtima, zomwe zinayenda ndi zomwe sizinayende, chifukwa chake, zomwe mwaphunzirapo, ndi zomwe mudzachite zikadzachitikanso. Ndi njira yabwino, makamaka chifukwa imapatsa malo zamumtima. Wophunzira unamwino amene wodwala wamwalira koyamba ali pa ntchito yausiku sangalingalire bwino za mankhwala ndi zolemba za m'fayilo asanavomereze kuti anachita mantha. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kuikakamiza tsiku ndi tsiku. Mitu 6 ija imasanduka fomu, ndipo wophunzira amangoika chiganizo chimodzi pansi pa mutu uliwonse kuti pasakhale pogwira. Ndi bwino kuisungira nkhani yaikulu, mwina kamodzi pamwezi.

Kwa amene akulimbana ndi mabuku, pali njira yogawa tsamba pakati, yomwe Ann Berthoff analimbikitsa m'buku lake la 1981. Kumanzere mumalemba mfundo ya wolemba buku kapena ya mphunzitsi. Kumanja mumaiyankha: mukuvomereza, mukukana, kapena ikusemphana ndi zomwe munaona kwanu. Wophunzira zaulimi akalemba kumanzere mtunda woyenera pakati pa mapando a chimanga, kumanja angafunse chifukwa chake agogo ake amabzala mosiyana koma nkhokwe imadzaza. Funso lotere ndi lomwe amapita nalo kwa mphunzitsi mawa lake.

Nanga mwana wa Fomu 3 amene akuti alibe nthawi? Frederick Mosteller, mphunzitsi wa statistics pa yunivesite ya Harvard, ankapempha ophunzira ake kumapeto kwa phunziro kuti alembe mfundo imodzi yomwe sinawalowe bwino. Aliyense angachite izi payekha kumapeto kwa kope, mzere umodzi pa phunziro lililonse. Pofika nthawi yokonzekera MSCE, mwanayo amakhala ndi mndandanda wa zomwe zimamuvuta iyeyo, osati zomwe anzake akuti n'zovuta.

Ena amafunsa ngati n'kololedwa kulemba m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Lembani m'chiyankhulo chomwe mumaganizira, ngakhale mosakaniza; Chingerezi chidzabwera pokonza zoti mupereke. Wina amene kulemba kumamulemera angadzijambule mawu pafoni pochokera kusukulu, bola adzawamvetsere.

Pamenepa ndi pomwe ambiri amagwa: samabwereranso ku zomwe analemba. Ndimalangiza kusiya mpata m'mphepete mwa tsamba lililonse, ndipo pakatha milungu ingapo wophunzira awerenge kuyambira poyamba ndi bolopeni ya mtundu wina. Apa kusintha inki kuli ndi phindu. Ndi powerenga motsatizana pomwe munthu amaona kuti amakwiya Lachisanu lililonse masana, kuti mafunso ake amapita kwa ana omwewo a kutsogolo, kapena kuti zomwe analonjeza kusintha sanaziyese n'komwe. Tsamba limodzi palokha silingaonetse zimenezi.

Charles Darwin anafotokoza m'mbiri ya moyo wake kuti ankalemba nthawi yomweyo mfundo iliyonse yotsutsana ndi maganizo ake, chifukwa anaona kuti zoterezi zimaiwalika msanga kuposa zomukomera. Wophunzira amene amalemba pakatha mwezi amakumbukira zomuyenereza zokhazokha. N'chifukwa chake mizere isanu yolembedwa tsiku lomwelo imaposa masamba asanu olembedwa kumapeto kwa teremu.

Pali chenjezo limodzi losafunika kulinyalanyaza. M'kopemo musalembe dzina la wodwala, la mwana wasukulu kapena la mnzanu wa pantchito, ngakhale zizindikiro zomwe wina angamudziwire nazo. Makope amaiwalika m'minibasi. Ku Britain, komwe kuli anamwino ochokera kuno kwathu, bungwe la Nursing and Midwifery Council kuyambira mu 2016 limafuna kuti namwino aliyense alembe nkhani zisanu zodziunika pa zaka zitatu zilizonse kuti apitirize kugwira ntchito, ndipo limaletsa kulembamo chilichonse choulula munthu. Izi zikusonyezanso kuti chizolowezichi sichithera pa tsiku lolandira satifiketi.

Mawu otsiriza apite kwa anzanga amene timachonga makopewa. Tikamapereka malikisi ambiri kwa wophunzira amene nkhani zake zonse zimathera poti zinayenda bwino, tikuwaphunzitsa kubisa. Wophunzira amene walemba kuti kalasi inamuthawa m'manja, ndipo akuganiza kuti chifukwa chake ndi chakuti, wagwira ntchito yomwe tinamutuma. Tisamulembere "wachita bwino" ndi siginecha basi. Timufunse funso limodzi m'mphepete mwa tsambalo, ndipo tiyambe kuona makopewa sabata yachiwiri ya teremu.