Nsomba za m'Nyanja Yathu: Iliyonse ndi Pakamwa Pake

Ambiri a ife timaidziŵa nsomba ikakhala kale m'mbale pambali pa nsima. Timatha kusiyanitsa chambo ndi utaka, kapena usipa ndi kampango, koma kaŵirikaŵiri nzeru zathu zimathera pomwepo. Komatu Nyanja ya Malaŵi, imene kutalika kwake ndi makilomita oposa 550 ndipo pena imazama mamita 700, ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Akatswiri amati m'banja limodzi lokha, la chambo ndi abale ake, muli mitundu pakati pa 800 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonseyo siipezeka kwina kulikonse.

Tsono funso nali: kodi mitundu yonseyi imakhala bwanji m'madzi amodzi osalandana chakudya mpaka kuthana? Tikafuna yankho tiyang'ane pakamwa pa nsomba, pakuti pakamwa pamaulula malo amene nsombayo imakhala ndiponso nchito imene imagwira.

Tiyambe ndi m'miyala. Kumeneko kumakhala tinsomba tamaŵangamaŵanga, tobiriŵira ndi tachikasu, timene Atonga a ku Nkhata Bay anatitcha mbuna, dzina limene lero likudziŵika ndi oŵeta nsomba m'maiko akutali. Geoffrey Fryer, amene anaziphunzira ku Nkhata Bay komweko nalemba za izo mu 1959, anaona kuti ngakhale zambiri zimadya ndere za pa miyala, sizidya mofanana. Ina ili ndi mano ambirimbiri oonda amene imapesa nawo ndere ngati chipeso, nkutenga tizakudya tomatirira pamenepo. Ina ili ndi mano onga sompho, ndipo imapala mwalawo. Palinso ina imene pakamwa pake pali kunsi, pamwamba pake nkukhala mphuno yonenepa yolendeŵera. Imeneyi imadya itagona chafufumimba pa mwala m'madzi osaya, pamene mafunde amakankha zinzake.

Mbuna siikonda kusiya miyala yake. Mchenga wautali kapena madzi akuya zili ngati linga kwa iyo. Nchifukwa chake chilumba china chimakhala ndi mbuna zakezake zimene pa chilumba choyandikana nacho palibe. M'chaka cha 1980 boma linapatula dera la ku Cape Maclear kuti likhale malo otetezera nsombazi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliŵerengera pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse. Ndi ku Cape Maclear komwe kuja kumene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, asanasamukire ku Bandawe.

Pa mchenga moyo ndi wina. Chisawasawa chimabwira mchenga, nkusefa timphutsi tobisala m'menemo, mchengawo nkuutaya. Pali nsomba ina yochenjera imene siivutika nkukumba: imangotsata wokumbayo pambuyo nkumatola zimene zavunduka. Inanso ili ndi timaenje kunsi kwa chibwano timene imamvera nato kanthu kakagwedezeka pansi pa mchenga. Imaima duu osasuntha, kenaka nkujompha pamalo penipenipo. Ndipo ili yonse ya m'banjali ili ndi nsagwada zachiŵiri kummero. Mwa zimene zimadya nkhono, mano a kummeroko ndi obulungira ndi olimba ngati mphero, oti nkuphwanya chigoba. Nsomba zimenezi muzikumbukire, tibwereranso kwa izo.

Kutali ndi gombe, utaka umatomola milomo yake ngati kampope nkumayamwa tizilombo tosaoneka bwino toyandama m'madzi. Ncheni, wa thupi lalitali ndi mano akuthwa, amathamangitsa usipa. Ndunduma, yokhala kozama kumene kuŵala nkochepa, ili ndi maso akuluakulu. Kupitirira mamita ngati 250 kunsi kulibe nsomba, popeza madzi akumeneko alibe mpweya wopuma.

Koma imene imatidabwitsa koposa ndi kaligono. Thupi lake lili ndi maŵanga oyera ndi oderako, ofanana ndi nsomba imene yayamba kuola. Iye amagona chammbali pansi, zii, ngati wafa. Tinsomba tikabwera kuti tidye mtembowo, mtembo uja umadzambatuka nkumeza kamodzi. Azungu anaitcha nsombayi dzina la David Livingstone, koma ife tiyesa kuti dzina la asodzi athu ndilo likuikhala bwino. Palinso ina imene imafanana ndi chambo, mwakuti imaloŵa m'gulu lake osazindikirika nkumapala mamba a kumchira kwa zinzakezo; chakudya chake nchomwecho.

Pofufuza za chibadwa cha nsombazi, akatswiri analengeza mu 2018 kuti pafupifupi mitundu yonse ya m'banjali ndi yapachibale kwambiri, yotuluka ku makolo amodzi, ngakhale maonekedwe ndi madyedwe ake zasiyana chotere.

Makolo amene akuŵerenga nkhaniyi aone kaleredwe kake. Chambo chachimuna chimakonza chisa chozungulira pa mchenga. Chachikazi chikaikira mazira pamenepo chimaŵatola nkuŵasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo masabata onsewo sichidya kwenikweni. Ngakhale ana atayamba kusambira okha, pakaoneka mdani amathaŵira m'kamwa mwa mai wao. Kampango naye, ngakhale ndi wa banja lina, amalondera ana ake pa chisa, wamkazi nkumaŵadyetsa mazira ake omwe. Nsomba yolera motere siibereka ana ochuluka ngati nsomba zongomwaza mazira m'madzi, koma ochepawo amatetezeka. M'nyanja yodzaza ndi adani, njira imeneyi inazisunga kwa zaka zosaŵerengeka.

Tsoka lake nlakuti njira yomweyo siithandiza pamaso pa khoka. Khoka likamakokedwa limasalaza zisa za pa mchenga, ndipo mai mmodzi akakodwa, ana onse a m'kamwa mwake atha naye pamodzi. Pamene ena anayamba kusokerera masikito ku makoka ao, ngakhale kasawala amene sanafike pa msinkhu woswana anayamba kuthera pa thandala. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba za zolengedwa zimene zili pangozi, linaika chambo m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Mwini khoka angayankhe kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ana akufuna ndiwo lero. Sitimunyoza, pakuti njala siidikira. Koma mtengo wa chambo pa msika ukuchitira umboni kuti amene akulipira ndife tonse.

Tibwerere tsono ku nsomba zodya nkhono zija. Tizilombo toyambitsa likodzo timakulira m'nkhono tisanaloŵe m'thupi la munthu. Kale anthu ankati m'madzi oyera a m'nyanja, kopanda bango, munalibe likodzo. Koma Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University ndi anzake, amene akhala akuŵerenga nsomba za ku Cape Maclear kwa zaka zambiri, anapeza kuti pamene nsomba zodya nkhono zinachepa pa gombe la Chembe chifukwa cha makoka, nkhono zinachuluka, ndipo likodzo linafala pakati pa ana a sukulu. Mano aja a kummero, amene palibe anaŵaganizirapo, ankatchinjiriza ana osambira pa dooko.

Ku Salima kuli chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka chilumbachi mvula ikayamba mu Disembala, ndipo asodzi onse amachokapo kufikira mwezi wa Epulo. Pa chilumbapo saloleza moŵa kapena njuga, ndipo maukonde amayamba aonedwa ndi akuluakulu asanaloŵe m'madzi. Wophwanya malamulo amapirikitsidwa. Tsiku lotsegulira pamakhala mwambo, mabwato nkubwerera, ndipo utaka wa ku Mbenje umadziŵika chifukwa cha kukula kwake.