Mahandulo Akamanjenjemera: Injini Kapena Tayala?

Akabaza ambiri akafika kwa makaniko amanena mawu amodzimodzi: "Mahandulo akunjenjemera." Komatu mawu amenewa abisa mavuto awiri osiyana. Lina limachokera ku injini, lina ku tayala lakutsogolo ndi khosi la njinga. M'manja amamveka ngati apachibale, koma gwero lake, mtengo wokonzetsera ndi kuopsa kwake n'zotalikirana.

Tiyambe ndi mmene amamvekera. Njinga zamoto zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, monga Bajaj Boxer, Lifo ndi SanLG, zambiri zili ndi injini ya pisitoni imodzi, ya pakati pa 100cc ndi 150cc. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, pisitoniyo imakwera ndi kutsika ka 100 pa sekondi. Tayala la mainchesi 17 kapena 18, njinga ikamathamanga makilomita 60 pa ola, limazungulira pafupifupi ka 9 kokha pa sekondi. N'chifukwa chake kunjenjemera kwa injini kumakhala kosalala, konyerenyetsa zikhatho, ndipo magalasi oonera kumbuyo amachita mbuu. Kwa tayala n'kolemera: mahandulo amadumphadumpha kapena kupukusa uku ndi uku, mpaka mapewa kumva.

Kusiyanitsa ziwirizi sikulira ndalama. Njinga ili chiimire, ikani giya ya fulii n'kukoka moto pang'onopang'ono. Kunjenjemera kukamakula limodzi ndi kulira kwa injini, gwero ndi injiniyo. Kenako pamsewu wabwino wopanda anthu, thamangani mpaka vuto liyambe, mugwire kilatchi, musiye moto. Injini ikazizira mawu koma mahandulo n'kumagwederabe, yang'anani kutsogolo. Ngati zimachitika pokhapokha mwagwira buleki yakutsogolo, kaikirani disiki yopindika kapena dilamu yodyeka mbali imodzi.

Kumbali ya injini, choyamba kudziwa n'chakuti ya pisitoni imodzi siingasiyiretu kunjenjemera. Ndi mapangidwe ake. Chodetsa nkhawa ndi kusintha, pamene njinga yomwe inkayenda bwino yayamba kuzunza manja. Kawirikawiri olakwa amakhala mabawuti omangirira injini ku fulemu, amene amamasuka ndi misewu yafumbi. Pulagi yotopa, kabureta yakuda, mavavu osatcheredwa bwino ndi oyilo wokhalitsa nazo zimachititsa injini kugunda mosalongosoka. Tcheni yokungika kwambiri kapena yolendewera imawonjezera kunjenjemeraku. Pa njinga zambiri iyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu pakati pake. Pa zambiri mwa izi, sipanala, oyilo watsopano ndi ola limodzi zimakwanira.

Kumbali ya tayala nkhani imachuluka, chifukwa apa ndi pamene maenje a mumsewu amafikira. Mpweya ukachepa, tayala limadyeka mosiyana ndipo limayamba kupepeluka. Limu ikamenya dzenje imapindika, masipoko amamasuka, maberingi a tayala amatha. Pakhosi, pamene mafoko amalumikizana ndi fulemu, palinso maberingi ena amene amakumbika kapena kumasuka. Foko imodzi ikamatulutsa oyilo, mbali ziwirizo sizilandira katundu mofanana. Palinso chifukwa china chimene si cha zitsulo: matumba a chimanga kapena anthu awiri kumbuyo amapepula tayala lakutsogolo, ndipo tayala lopepuka silichedwa kupukusa.

Zambiri mwa izi zimaoneka mukatukula kutsogolo kwa njinga. Zunguzani tayala, maso ali pa limu. Gogodani masipoko ndi sipanala: lomangika limalira ngwee, lomasuka limangoti phu. Gwedezani tayala cham'mbali. Likasewera, maberingi apita. Tembenuzani mahandulo kumanzere ndi kumanja. Akamakodwa pakati, khosi likufuna kukonza. Mpweya yezani ndi geji tayala lisanatenthe, motsata muyezo wa kampani yopanga njingayo, osati pongolitobwanya ndi chala.

Pa kuopsa, mavuto awiriwa amasiyana liwiro. Kunjenjemera kwa injini kumawononga mwakachetechete. Kumamasula mabawuti ena, kumathyola mabulaketi, kumapsereza mababu, ndipo munthu wogwira mahandulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo amayamba kumva dzanzi m'zala. Pakapita zaka, mitsempha ya m'manja imatha kuwonongeka osachiranso. Kwa tayala sikupereka nthawi yotero. Mahandulo akayamba kupukusa mwamphamvu njinga ili paliwiro, masekondi ochepa amakwana kugwetsa woyendetsa ndi pasenjala. Zikatero, kugwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi kapena kuumitsa mikono kumangokolezera. Chothandiza n'kuchepetsa moto pang'onopang'ono, thupi litaweramira kutsogolo.

Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri amasamala injini koposa, poti ndiyo imalira, ndiyonso imadya mafuta. Oyilo amasintha pa nthawi yake, koma tayala lofika pa nsalu amati lipirire sabata ina. Ena amakulunga mphira pa mahandulo kapena kuvala magolovesi okhuthala. Izi zimapumitsadi manja ngati gwero ndi injini yabwinobwino, koma ngati gwero ndi beringi yakutha, zimangotseka pakamwa mboni.

Choncho muyezo wanga ndi uwu. Vuto la injini likonzedwe mkati mwa masiku ochepa, munthu angathe kumalizitsa ntchito ya tsikulo akuyenda modekha. Vuto la tayala kapena khosi likonzedwe lero, pasenjala wina asanakwere. Ndalama ya tsiku limodzi imene kabaza angataye poimika njinga ndi yochepa poiyerekeza ndi ya kuchipatala, ndipo wokwera kumbuyo uja sadziwa chimene manja a dalaivala akumva.